Lekani kuseka munthu amene wayamba kuyenda

Lero ndalemba mtima uli m'mwamba pang'ono, conco werengani mpaka pansi musanayambe kundiyankha.

Dzulo ca m'ma 05:30, pobwerera koyenda, ndinaona mai wina wa msinkhu ngati wanga, wathupi ndithu, atamanga citenge pamwamba pa buluku, akuyenda mofulumira m'mbali mwa Great East Road. Thukuta linali kamukamu. Anyamata atatu a njinga zamoto, aja amaima podikira makasitomala, anayamba kumukuwiza. Wina ati, "Amai, mimba iyo siizasila na kuthamanga!" Mnzake ati, "Muzagwa ambuya, kuno kulibe ambulansi." Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mai uja anacepetsa liwiro, anakokera citenge cake, n'kukhotera m'kanjira kolowa m'komboni. Ine ndinaona zonse, ndipo ndinangodutsa osanena kanthu. Zimenezo zandivuta usiku wonse. Lero ndadutsa pomwepo nthawi yomweyo, mai uja sanabwere.

Musafulumire kuloza anyamata aja. Iwo amakuwa poyera, inu ndi ine timacita zomwezo mwaulemu. Mnzanu akayamba kuyenda m'mawa, mumati ciyani mukakumana naye pamsika? Ngati ndi mai, funso loyamba ndi lakuti afuna kukongolera ndani pa ukalamba uno. Ngati ndi bambo, ati wasowa ndalama ya njinga. Akacoka panyumba kusanace, ena amayamba kunong'ona za ufiti, ati munthu wabwino sayenda nthawi zotere. Akapirira miyezi itatu thupi n'kutsikako pang'ono, kumabwera funso lija lobaya, lofunsidwa ndi mau otsika ndi nkhope yacifundo: "Mwaonda maningi, muli cabe bwino?" Tonse a zaka 50 tidziwa kumene funsolo linacokera. Tinaika abale athu ambiri m'zaka za m'ma 1990, ndipo kuyambira pamenepo kuonda tinakuyesa imfa, kunenepa tinakuyesa umboni wakuti munthu ali bwino. Mantha amenewo anali ndi cifukwa cake. Koma manje taonani amene akutisiya pamsika: BP, shuga, sitiroko. Ambiri a iwo ndi aja tinali kuwatamanda kuti ali ndi thupi la abwana.

Ine ndimagulitsa nyemba, nshawa ndi kapenta, ndipo ndakhala pa benchi imodzimodziyo zaka 26. Zaka zitatu zapitazo mutu unandivuta sabata yathunthu, ndinapita ku kiliniki. Makina anaonetsa 172/104. Anesi anandiuza kuti BP yokwera imayambira pa 140/90, anandiyezanso masiku ena, n'kundiyambitsa mapilitsi. Atanena zoti ndiziyenda, ndinatsutsa. Ndinati, "Asisita, ine nisewenza tsiku lonse, olo pa Ciwelu sinipumula." Anangondifunsa kuti pa tsiku lonselo ndimaimirira maola angati.

Ndinawerenga m'njira pobwerera, ndipo manyazi anandigwira. Kucoka kunyumba, njinga yamoto. Matumba, mnyamata wa wilibala. Kuyambira 06:00 mpaka 18:00 ndili pa kampando, dzanja cabe ndilo limayenda kudzaza meda ndi kubweza cenji. Pakati apo tiyi wa masipuni anayi a shuga ndi vitumbuwa, masana nsima ya mitanda iwiri ndi ndiwo zosambira mu saladi. Madzulo ndimafika kunyumba wotopa zedi, koma kutopa kwa kukangana mitengo ndi kuwombedwa dzuwa. Mtima ndi miyendo zinali pa chuti zaka zonsezo. Anzanga a pamsika, musadzinamize monga ndinadzinamizira ine. Amai amene amalima, kutunga madzi ndi kusenza nkhuni kumudzi angathe kunena kuti nchito yawo ndi masewera okwanira. Ife a pa kampando sitinganene zimenezo.

Tsiku loyamba ndinayenda mphindi 10 cabe, nditavala nsapato za salaula za K70 ndi buluku lakale la suti. Ana a sukulu anandithamangira kumbuyo akuimba "aMatete! aMatete!" Samuel Matete anapambana mpikisano wa dziko lonse wa mamita 400 odumpha zochinga ku Tokyo mu 1991, ndipo ine ndinali kupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo pa citunda. Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza kuti basi, sindidzapitanso. Amene anandibweza pa msewu ndi amai a kunyumba. Anati, "Ana aja akazasiya kuseka, BP yanu izasila?" Ndinalibe yankho.

Manje mverani, inu amene mwakhala miyezi mukunena kuti mudzayamba mukadzalimba mtima. Mwaika ngolo patsogolo pa ng'ombe zanu. Kumbukirani tsiku lanu loyamba pamsika. Ine ndinayamba ndi mameda asanu a nyemba, mau osatuluka poitana kasitomala, ndikuona ngati msika wonse ukundiyang'ana. Palibe anandipatsa kulimba mtima m'botolo. Kunabwera kokha nditagulitsa Lolemba, Laciwiri, Lacitatu, mpaka tsiku lina ndinadzimva ndikukuwa mtengo osaganizako n'komwe. Kuyenda ndi cimodzimodzi. Ndinatenga kalendala ija amapatsa ku cigayo, tsiku lililonse ndikayenda ndimaika kamtanda. Timitanda titafika 20, ana aja anali atatopa nane, ndipo ine ndinali nditasiya kuwamva. Munthu amadzikhulupirira akaona umboni wakuti zimene ananena dzulo wazicita lero, ndipo umboniwo umayamba kucokera pa mphindi 10 zomwezo zimene mukuzinyoza.

Ndiye musayambe ndi lonjezo lalikulu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, m'malangizo ake a mu 2020 linati munthu wamkulu azicita masewera apakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndi zolimbitsa minofu masiku awiri pa sabata. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu. Malangizo omwewo amanenanso kuti kucita pang'ono kuposa kusacita konse, ndipo woyamba ayambe pang'ono n'kumawonjezera. Masewera apakatikati musawaope dzina: ndi kuyenda kwa munthu amene wacedwa ku basi. Muyeso wake ndi wapafupi. Ngati mukutha kuceza ndi mnzanu koma kuimba kukukanika, muli pa liwiro loyenera. Ngati olo mau awiri sakutuluka, mwapitirira, cepetsani.

Ana anu akakuikirani kowerenga mapazi pa foni, musadzione wolephera cifukwa simunafike 10,000. Nambala imeneyo inachuka kucokera ku Japan m'zaka za m'ma 1960, pamene kampani ina inali kugulitsa kamakina kowerenga mapazi n'kukapatsa dzina lotanthauza mapazi 10,000. Inali nambala yotsatsira malonda, ndipo ife amalonda tidziwa mmene nambala yozungulira bwino imakokera kasitomala. Munthu amene anali kuyenda mapazi 2,000 akafika 5,000 wapindula kale kwambiri.

Pali gulu lina limene landikwiyitsa kuposa anyamata a njinga, cifukwa ilo limadya ndalama pa manyazi a anthu. Tsegulani Facebook muone: tiyi wocotsa mimba m'masiku 14, lamba womanga m'ciuno, mafuta opaka, zithunzi ziwiri za munthu mmodzi, cina atatulutsa mimba mumdima, cina ataikokera mkati pa kuwala. Ine ndagulitsa zinthu moyo wanga wonse, ndidziwa mmene timaikira nyemba zokongola pamwamba pa meda. Ambiri mwa matiyi amenewo amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa. Sikelo imatsika cifukwa mwataya madzi, mukamwa madzi imabwerera pomwepo, K300 yanu yapita. Ena amadzikulunga mapulasitiki pamimba ndi kuvala majekete mu Okutobala kuti atuluke thukuta lambiri. Thukuta ndi madzi ndi mcere, abale. Mafuta satuluka pa khungu. Mudzangokomoka pa msewu ndi kupatsa oseka aja nkhani yatsopano.

Coipa kwambiri ca malonda amenewa ndi cimene amaika m'mutu mwa munthu: kuti thupi lake ndi cinthu conyansa cofunika kulangidwa, ndipo ngati sikelo sinatsike m'masabata awiri ndiye kuti walephera. Munthu woyamba ndi maganizo otere satha mwezi. Ine miyezi iwiri yoyamba sikelo sinasunthe olo pang'ono. Koma tulo tinayamba kubwera bwino. Kudzimbidwa kunatha. Thumba la makilo 25 ndinayamba kulinyamula ndekha kucoka pa wilibala kufika pa benchi. Tsiku lina ndinakwera njira yopita ku Kanjala osaima katatu monga kale. Ku kiliniki nambala zinayamba kutsika, ndipo manje, ndi mapilitsi omwewo, zimasewera ca m'ma 130/85. Mimba ikalipo, yacepako cabe. Ndikanakhala kuti ndinali kuyang'ana mimba yokha ndikanasiya kalekale.

Cimene cimacitika m'thupi n'cosavuta kumva. Mtima ndi mnofu, ukamagwiritsidwa nchito umapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, ndipo mitsempha imafewa. Minofu ya m'miyendo ikamagwira nchito imakoka shuga m'magazi n'kumuwotcha, n'cifukwa cake a matenda a shuga amauzidwa kuyendako akatha kudya m'malo mogona. Ndipo tikamakula minofu imacepa yokha ngati sitiigwiritsa nchito. Agogo amene amalephera kunyamuka pa mphasa popanda wowakoka sanafike pamenepo tsiku limodzi.

Ndimveni bwino apa: mapilitsi osaleka. Ndamva ena akuti ndayamba kuthamanga, BP yatha, mankhwala ndataya. BP siimva kuwawa, imatha kukwera inu mukuseka. Wosintha mankhwala ndi amene anakulemberani. Ngati muli ndi vuto la mtima, shuga, kapena BP yanu ili pamwamba kwambiri, pitani mukawauze kuti mufuna kuyamba, akuuzeni poyambira. A shuga amene mumamwa mankhwala kapena kubaya jekiseni, musacoke ndi njala, ndipo m'thumba mukhale switi. Mukamva kupweteka kapena kuthina pacifuwa, cizungulire, kapena kubanika kosiyana ndi masiku onse, imani pomwepo ndipo pitani ku cipatala. Kumeneko si kufooka mtima ayi.

Koma kuwawa kwa nchafu ndi akatumba tsiku laciwiri ndi lacitatu, kuja kumakukanikitsani kukhala pansi bwino, n'kwa aliyense woyamba. Kumatha kokha m'masiku ocepa, ndipo kuyenda pang'onopang'ono kumathandiza kuposa kugona. Ambiri amasiyira pamenepa, ati masewera andipweteka.

Azibambo anzanga, ife vuto lathu ndi lina. Amai amaopa kusekedwa, ife timaopa kuoneka oyamba. Bambo wa zaka 52 amene anasiya mpira ali Fomu 3 amadzuka tsiku limodzi, wagula jezi, walowa timu ya madala, afuna kuthamangitsana ndi mwana wa zaka 25 pa wing'i. Mphindi 15, nyama ya kumbuyo kwa nchafu yakoka, amunyamula. Miyezi itatu akutsimphina pamsika akuuza aliyense kuti masewera ndi a acinyamata. Kunyada kumeneko ndi manyazi omwe aja, angovala jezi. Kuvomera kuti ndine woyamba, thupi langa lili pano, ndiyambira pano, kumafuna mtima kuposa kugoletsa cigoli pa Ciwelu.

Kudzabweranso masiku olephera, ndipo ndikuuziranitu. Mvula ya mu Januwale idzagwa sabata yathunthu. Kudzagwa maliro, mudzagona kumeneko masiku atatu. Mu Juni kuzizira kwa kuno ku Chipata kudzakuuzani kuti bulangeti ndi m'bale wanu. Ine caka catha ndinakhala masabata atatu osayenda, ndipo kamau kanayamba m'mutu: waona, ndiwe wa zoyamba osatsiriza, ungosiya. Kamau kameneko ndi kabodza. Ndani wa inu anatseka benchi mpaka kalekale cifukwa sabata imodzi malonda sanayende? Mumabwera Lolemba, mwayala katundu. Ndinabwerera ku mphindi 15, sabata yotsatira ndinali pa 30. Masiku a mvula muli ndi nyumba: khalani pa mpando ndi kunyamuka kakhumi osagwira mawondo, kankhani cipupa ndi manja kakhumi, nyamulani zigubu ziwiri za malita asanu, cimodzi ndi makilo asanu amenewo. Jimu ndi yabwino kwa amene ali ndi ndalama yake, koma palibe lamulo lakuti thanzi limayambira pa geti yolipira.

Ku chalichi nakonso ndamvako. Mkulu wina, munthu amene ndimamulemekeza, anandikumbutsa mau a Paulo kwa Timoteo onena za kulimbitsa thupi, ati ine wowerenga mau ndikutaya nthawi ya pemphero pa zinthu za thupi. Kawerengeni nokha pa 1 Timoteo 4. Paulo akuika kupembedza pamwamba, zoona, koma sananene kuti kulimbitsa thupi kulibe phindu. Ndipo ndi Paulo yemweyo amene pa Macitidwe 20 anasiya anzake akwere ngalawa, iye n'kusankha kuyenda pansi kupita ku Aso. Ife timakwera njinga yamoto kupita ku mapemphero a m'dera, nyumba yacisanu kucoka pathu. Akulu amenewo ndinawaitana kuti tiyende limodzi tizikambirana vesiyo m'njira. Mpaka lero akuti mawondo.

Amene mumati munthu wamkulu kuthamanga n'kudzicotsera ulemu, munaonera maliro a Nelson Mandela ku Qunu mu Disembala 2013? A Kenneth Kaunda, ali ndi zaka 89, ataitanidwa kukalankhula anapita kutsogolo akuthamanga, pamaso pa atsogoleri a maiko. Ulemu wawo unacepa? Anakhala ndi moyo mpaka Juni 2021, zaka 97. Ndipo amene mumati mkazi wa pamsika malo ake ndi pa kampando, Esther Phiri anali kugulitsa ndiwo zamasamba ku Lusaka asanayambe nkhonya. Analowa m'masewera amene anthu anali kuti ndi a amuna okha, ndipo pambuyo pake dziko lonse linali kukhala pa TV kumuonera akutenga malamba. Sindikuti mai wa dzulo uja adzakhala Esther Phiri. Iye angofuna kuona adzukulu ake akukula. Pa cimeneco akufunika cilolezo ca ndani?

Kwa amai pali zovuta zenizeni zimene ife amuna sitikumana nazo, ndipo kuwauza kuti limbani mtima cabe sikukwanira. Mdima wa m'mawa si wabwino kwa mkazi ali yekha. Yendani awiri kapena atatu, kapena dikirani kuyere. Valani coyera kuti oyendetsa akuoneni, ndipo pa msewu waukulu yendani ku dzanja lamanja, moyang'anana ndi magalimoto akubwera. Citenge pamwamba pa buluku cilibe vuto, valani cimene mumamasuka naco. Inu amuna awo, m'malo mofunsa kuti upita kukaonana ndi ndani, valani nsapato mupite nawo. Mimba yanu nayonso ikuoneka.

Lero m'mawa ndinaima pa anyamata aja. Ndinawapatsa moni, n'kufunsa amene anakuwa dzulo. Wina anati, "Ah, amdala, tinali kusewera cabe." Ndinamufunsa ngati amai ake ali moyo, ati ali moyo. Ndinamufunsa ngati amamwa mankhwala a BP, anayang'ana pansi, ati amamwa. Mnzake anapitiriza kuseka, ndipo sindinganame kuti onse anamva. Koma ndawauza kuti ndidzadutsa pomwepo tsiku lililonse, ndipo ndikadzamvanso, njinga zawo sindidzakweranso, ndi anzanga a pamsika ndidzawauza. Makasitomala awo ambiri ndife.

Inu amene mukhala ca kumeneko, mwina mwamuzindikira mai amene ndikunena. Musamufunse kanthu, musamuonetse kuti nkhani yake yafika pa foni. Mungomuuza kuti pali kagulu ka amalonda kamene kamayenda Lolemba, Lacitatu ndi Lacisanu, kucoka pa geti ya msika 05:15, kubwerera 05:50 kuti tikayale katundu. Tilipo asanu ndi awiri, amai anayi ndi abambo atatu, wamng'ono ali ndi zaka 44, wamkulu 67. Palibe colipira, palibe yunifomu, sikelo sitibwera nayo. Lamulo lathu ndi limodzi: woyenda pang'onopang'ono kuposa onse ndiye amakhala patsogolo, enafe timatsata liwiro lake. Lacisanu lino patsogolo pali malo.